Chitambala cha Hilda

Inali cha m'ma seventini, faifi koloko madzulo, mphepo ya mwezi wa Ogasiti ikusesa fumbi m'tinjira ta komboni ya Chawama n'kulithira m'mabeseni a anthu ochapa, pamene Ketty anatulutsa chitambala m'thumba la ovolosi ya mwamuna wake. Unali mpango wa kumutu wa mkazi, wamaluwa ofiira, wopindidwa bwino ndi kusokedwa m'mbali, tizingwe tili lende uku ndi uku. Amene anasoka ankaidziwa singano.

"Batate ba Betty, bwerani muone nsomba yamene nagwira mu thumba yanu."

Edmond anali atakhala pa njerwa pafupi ndi khomo, akuvula nsapato. Ankagwira ntchito ku fakitale yopera laimu cha ku msewu wa ku Kafue, ndipo madzulo aliwonse ankabwera ali mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsidze, ngati nkhalamba, ngakhale zaka makumi anayi anali asanakwanitse.

"Ni cha ku nchito icho. Bweza mwamene wachipeza."

"Cha ku nchito? Manje kampani yayamba kupasa amuna vitambala va maluwa? Mailo kukacha muzabwera na pitikoti."

"Nimamanga pa mphuno, Amake Betty. Fumbi ija siumaidziwa iwe."

"Ine nidziwa kutunga kwa singano ya mukazi. Iyi si mashini ya kampani. Ni ndani?"

Edmond anatsokomola, nalavulira kumbali, nafotsera ndi chidendene. Ketty anadikira mpaka chifuwa chitatha, chifukwa sankafuna kuti funso lake lithawire m'menemo.

"Nafunsa, ni ndani? Ndipo mukaka uli kuti?"

Mkakawo unali nkhani yakeyake. Poweruka, wantchito aliyense ankalandira kapaketi ka mkaka, akuti kotsukira fumbi m'chifuwa. Edmond sankamwa. Ankabwera nako kunyumba kuti kalowe m'phala la Betty, mwana wawo. Koma mwezi umenewo kapaketi kanasiya kufika, ndipo iye ankangoti vinthu vavuta ku kampani.

"Mukaka ndiye nimalipira nawo," anatero Edmond. "Hilda amatunga ivi, ise timamupasa mukaka."

"Hilda."

"Uja amagulisa vitumbuwa pa geti."

"Nimudziwa. Mutali, wa mpata pa meno. Osati ba Hilda, osati amake mwana uje. Hilda chabe, monga munakulira nyumba imozi. Mwana wanga adya phala ya manzi, mukaka uyenda kukanenepesa wa mpata pa meno!"

"Chepesa mawu, banthu bamvera."

"Bamvere! Utsi siufuka popanda moto. Kampani yonse ija, magalimoto yonse yaja, ingalephere kugula ka nsalu ka pa mphuno? Muniyesa mwana?"

Mbaula inali pomwepo, makala atayaka kale. Ketty anaponyapo chitambalacho. Chinachedwa kugwira moto chifukwa cha laimu amene anaumira m'nsalu, kenako chinapsa ndi kafungo koipa. Edmond sananyamuke. Anangoyang'ana mpaka tizingwe titapiringizika n'kuda.

"Waocha, chabwino. Mailo nizapuma na chani?"

"Na mphuno yamene Mulungu anakupasani."

Masiku otsatira kapaketi ka mkaka kanayambanso kufika, ndipo Ketty ankakalandira ngati munthu amene wawina mlandu. Kumsika, pa tebulo lake la tomato ndi anyezi, ankaseka ndi anzake kuposa kale. Koma chifuwa cha Edmond chinatalika. Kale chinkabwera pofika panyumba n'kutha akasamba. Tsopano chinkamudzutsa m'bandakucha, n'kumugwira mpaka atatsamira khoma.

"Imwani mukaka uyu," anatero Ketty tsiku lina. "Si ndiye mankhwala yake?"

"Pasa mwana."

Ndiye madzulo ena Edmond anabwera wopanda kapaketi. Ketty sanafunse. Anayang'ana nkhope yake. Chipumi chinali choyera ndi laimu, makutu oyera, koma kuzungulira mphuno ndi pakamwa khungu linali lakuda bwinobwino, malire ake owongoka ngati ojambula. Anapisa m'matumba onse a ovolosi, osapezamo kanthu. Anamvetsa. Chitambala china chinalipo, ndipo chinkagona kwa mwini wake.

M'mawa mwake anasiya Betty kwa mnansi, nasenza beseni la tomato kuti aoneke ngati wamalonda, nalondola msewu wa ku fakitale. Anadutsa amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, anadutsa makampani awiri otsekedwa, udzu utamera pa mageti. Chinali chaka chimene amuna ambiri a ku Chawama ankadzuka opanda kopita.

Atafika pa mpanda wa waya wa fakitale anaima. Malowo sanali monga Edmond ankawanenera. Bwalo linali lothiridwa madzi. Chigayo cha miyala chinkalira mofatsa, kafumbi kake kochepa. Pafupi ndi ofesi panaima galimoto yoyera. Ndipo wantchito aliyense anali ndi masiki kumaso, yeniyeni, ya labala, yokhala ndi tizitini tiwiri m'mbali ngati mphuno ya nkhumba. Anamuzindikira Edmond ndi kayendedwe kake. Nayenso anali nayo, yatsopano, yonyezimira.

Kampani inkapereka mamasiki. Ndiye chitambala chinali cha chiyani?

Tebulo la Hilda linali pa geti, pansi pa mthunzi wa masaka. Pambali pake panakhala amuna ofuna ntchito, ena atagona pa makatoni. Kumbuyo, atatsamira khoma, kunali mkulu wina wowonda atafunda jekete, kapu ili m'manja. Ketty anamuyesa bambo ake a Hilda ndipo sanamulabadire. Anatula beseni pa tebulo mwamphamvu, vitumbuwa n'kudumpha m'mbale.

"Ndimwe ba Hilda?"

"Ndine. Vingati, amama?"

"Sininabwere kugula. Nabwera kutenga mukaka wa mwana wanga."

Hilda anamuyang'ana, napukuta manja pa chitenje.

"Ndimwe Amake Betty. Muli bwanji?"

"Mwanidziwa? Kansi mumanikamba, imwe na mwamuna wanga? Mumaseka bwino?"

Amuna a pa makatoni anadzuka n'kukhala tsonga. Tsiku linali litawapatsa chowonera.

"Ananiuza ati kampani siipasa va pa mphuno," anapitiriza Ketty, akuloza kupyola waya. "Nanga vija ni vichani? Ni mapoto? Mwamuna ali na chinthu cha labala, cha ku sitolo, afuniranji ka nsanza ka mu mutu mwanu? Kuti azinunkhiza mafuta yanu?"

Pamene ankalankhula anaona chingwe pansi pa tebulo. Pa chingwepo panapachikidwa vitambala vambirimbiri, vamaluwa, vamizere, vamadontho.

"Mayo! Si wanga yeka! Amuna ba Chawama yonse bali pansi pa tebulo!"

Amuna aja anaseka, wina mpaka kuwomba m'manja. Hilda sanaseke, koma sanakwiyenso. Anakoka kabenchi ndi phazi.

"Nkhalani pansi, Amake Betty. Mulendo ni mame, sachedwa kukamuka. Mukaona motoka ija yayenda, ndiye munitukane bwino. Nizamvera."

"Sinikhala pa benchi yanu."

"Imirirani kansi."

Ketty anaima, manja m'chiuno. Patapita kanthawi anthu awiri ovala mataye anatuluka mu ofesi, bwana wa fakitale akuwaperekeza. Anali akuluakulu oyendera malo a ntchito kuona chitetezo cha antchito. Anazungulira bwalo, anaimitsa wantchito mmodzi n'kugwiragwira masiki yake, anagwedeza mitu mokhutira. Kenako analowa m'galimoto. Mlonda anatsegula geti n'kuwachitira sawatcha.

Fumbi la galimotoyo lisanakhazikike, wezulo inalira. Kapitawo, Mwewa, munthu wamfupi wa mimba, anatuluka ndi thumba lalikulu la saka n'kuima pakati pa bwalo. Antchito anandanda popanda wowauza. Aliyense pofika ankavula masiki, n'kuiponya m'thumba, n'kupita. Wina anatsegula chigayo mphamvu zonse. Phokoso linagwedeza malata, ndipo mtambo woyera unatuluka m'shedi n'kuphimba bwalo, ofesi, ndi dzuwa lomwe.

"Chikomekome cha mukuyu," anatero mmodzi wa amuna a pa makatoni, akukokera malaya pamphuno.

Hilda anali atamasula kale chingwe chija. Ankaviika chitambala chilichonse m'chidebe cha madzi, kufinya, n'kupatsira pa waya kwa amuna amene ankabwera akuthamanga. Sankafunsa kuti cha ndani n'chiti. Edmond atafika, Hilda anali atagwira kale chobiriwira cha madontho. Edmond anatambasula dzanja, naona mkazi wake, dzanja n'kuima m'malere.

Ketty anaona zonse. Anaona kuti mwamuna wake sananame. Koma anaonanso kuti mkazi uyu ankadziwa chitambala cha Edmond osayang'ana, ndipo chinthu chimenecho chinamubaya kuposa manyazi. Sanadziwe kuti mkwiyo wake aupereke kwa yani. Geti linali lisanatsekedwe. Analowa.

Mwewa anali akumanga pakamwa pa thumba. Ketty anapisamo dzanja n'kutulutsa masiki imodzi, naikumbatira pachifuwa.

"Imwe amama! Mwachokera kuti? Bwezani, ni katundu wa kampani uyo!"

"Kampani ili na mphuno? Iyi ni ya mwamuna wanga. Anaivala manje manje, ikali yothuma."

"Ni mukazi wa ndani uyu?"

Antchito anaima. Edmond anabwera pang'onopang'ono, akutsokomolera m'chigongono.

"Ni wanga, ba kapitawo."

"Wako? Muuze abweze. Aya mamasiki si yathu teka. Mailo yayenda ku fakitale ina ya bwana, balendo bazapita kuja. Ikasowa imozi, nizakamba chani?"

"Mukakambe kuti ili pa mphuno ya munthu!" anakuwa Ketty. "Mumabwerekana monga suti ya ukwati? Banthu bakosomola usiku wonse, imwe mwakhomera mu sitolo!"

"Timabapasa mukaka," anatero Mwewa. "Daily. Ni kampani ingati yamene ikali kupasa mukaka masiku yano?" Anatembenukira kwa Edmond, natsitsa mawu. "Edmond, yangana pa geti. Waona baja? Aliyense paja angalowe lelo, opanda masiki, opanda mukaka, na kuyamika pamwamba. Sankha."

Edmond anayang'ana ku geti. Amuna a pa makatoni anali ataimirira, atagwira waya, osasekanso. Anayandikira mkazi wake.

"Amake Betty, leta."

"Sinileta."

"Fodya wako ni wamene uli pa mphuno. Nchito ni iyi, ina kulibe. Leta."

Anagwira dzanja lake n'kuyamba kumasula zala chimodzichimodzi, mofatsa, monga ankachitira ndi Betty akatola lumo. Ketty anaona laimu m'mizere ya zala za mwamuna wakeyo. Analeka. Edmond anaponya masiki m'thumba.

Mwewa anamanga thumba nalisenza. Atayenda pang'ono anacheuka.

"Kuyambira mailo uli ku masaka. Ukaphunzire kulamulira nyumba yako."

Antchito anabalalika. Edmond anapita pa waya, natenga chitambala chobiriwira chija m'manja mwa Hilda mkazi wake akuona, nachimanga, nalowa mu mtambo.

Ketty anatuluka pa geti. Tomato wake anali atayera ndi fumbi. Nthawi ino anakhala pa benchi osauzidwa.

"Ku masaka ni kuti?"

"Kwamene laimu igwera mu matumba," anatero Hilda. "Umagwira saka pa kamwa pa paipi. Ikazula, imakufuzira kumenso. Funsani aba, banasebenzako."

Analoza mkulu wa jekete uja. Ketty anamuyang'ana bwino tsopano. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika pa mpweya uliwonse, ngati munthu amene wangotula katundu wolemera, chonsecho anali atangokhala. M'kapu munali mkaka.

"Ba Josiah, bamuna banga," anatero Hilda.

"Bamuna banu?"

"Muli bwanji, mulamu," anatero Josiah. Ankalankhula mawu awiri, n'kupuma, n'kuwonjeza awiri. "Edmond ni ntanga yanga, musinkhu umozi. Nchito tinalowa pamozi. Bola tinali kuchaya timu imozi. Ine kutsogolo. Iye pa golo." Anamwetulira. "Anali kugwira monga dengu yobooka."

Ketty anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere.

"Banabachosa nchito chaka chatha, ati basebenza pang'onopang'ono," anatero Hilda. "Kunyumba siningabasiye beka, ndiye nimabwera nabo. Mukaka wa bamuna banu uyenda mu kapu umu. Bakamba ati umachapa chifuwa."

"Wachapa?"

Hilda anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta fumbi pa mbale ya vitumbuwa.

"Nanga chitambala sibanali kuvala?" anafunsa Ketty.

"Choyamba kutunga chinali chawo."

Ketty anayang'ana chingwe chopanda kanthu chija, kenako Josiah.

"Kansi sichithandiza."

"Sisita ku kiliniki ananiuza ati nsalu igwira fumbi ikulu chabe. Ija ing'ono, yamene siioneka, ipita. Ati ifunika ija ya labala." Hilda anapinda nsalu yopukutira. "Manje ine labala nizaitunga na chani? Nichita vamene manja yakwanisa. Mukafuna kunitukana, yambani. Motoka yayenda."

Ketty anasenza beseni lake. Anafunafuna mawu, koma amene anapezeka sanali amene ankawafuna.

"Chija chobiriwira, mukachichape munipase. Sichizagonanso kwanu."

Tsiku limenelo kumsika sanapite. Atafika kunyumba anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje chimene Edmond anamugulira Betty atabadwa, cha buluu, chimene ankachisungira maukwati. Anachiyala pa mphasa panja, nachiyang'ana kanthawi, nadula. Kusoka sankakudziwa kwenikweni. Mizere yake inkapita mokhota, ndipo singano inamubaya kangapo. Anapinda nsaluyo mochindikala kuposa ya Hilda.

Edmond anafika dzuwa likulowa, wopanda kapaketi. Anakhala pa njerwa yake n'kuyamba kumasula nsapato. Za m'mawa sanazitchule. Ketty anaika chimene anasokacho pa bondo lake.

"Yesani."

Edmond anachitembenuza, nazindikira nsaluyo.

"Ichi si chitenge chako cha..."

"Nakamba yesani."

Anachimanga, nakoka mpweya, maso n'kutuzuka. Anachivula msanga.

"Apa ufuna kunipaya na manja yako. Mphepo siipita."

"Cha Hilda ndiye chipita bwino?"

"Cha Hilda ni chopepuka."

"Ba Josiah banavala chopepuka."

Kwa mnansi wailesi inkalira, ndipo Betty ankathamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba.

"Munali kudziwa kuti ku masaka ndiye kunabadya," anatero Ketty. "Ndipo ndine nakutumizani kuja."

"Ku masaka aliyense amafikako. Wanifulumizisa chabe."

"Siyani nchito."

"Tidye tomato?"

Ketty anatenga nsalu ija, nasomola ulusi ndi mano, nachotsa mpindo umodzi, nayambanso kusoka kuwala kusanathe.

"Mukaka muzibwera nawo kuno," anatero osadzutsa mutu. "Kwa ba Josiah nizapereka neka. Imwe pa tebulo paja mulibe chofunapo. Mukafuna vitumbuwa, nizaphika."

"Vako vimalimba monga myala."

"Muzadya. Meno muli nayo."

M'mawa kunacha ndi mphepo yomwe ija. Ketty anaviika chitambala cha buluu m'madzi, nachifinya, nachimanga yekha m'khosi mwa mwamuna wake, mfundo yake yolimba. Edmond anatuluka. Ketty anaima pakhomo kumvetsera chifuwa chake chikutsika kanjira, kudutsa pa mpopi, kudutsa pa tavani, mpaka chinasakanikirana ndi cha amuna ena olowera komweko, osathanso kusiyanitsa kuti cha wake n'chiti.

Kenako anatenga kansalu konyowa, nakhala pansi pafupi ndi beseni, nayamba kupukuta tomato mmodzimmodzi kuti akagulike.